Mlandu wa Galileo wa 1633: ankazenga dzuwa kapena ankateteza mpando?

aChisale (Dedza): Abale ndi alongo pagulu pano, tithandizane pa nkhani ya Galileo, katswiri wa zakuthambo wa ku Italy. Anthu ambiri amaifotokoza mwachidule kuti munthu anaona kuti dziko lapansi limazungulira dzuwa, tchalitchi chinapsa mtima, basi chinamutsekera. Womva amangogwira kuti chipembedzo ndi sayansi sizimwerana madzi. Koma pali pamene sipakundimvekera. Amene anayamba kulemba mwatsatanetsatane za dzuwa kukhala pakati si Galileo, ndi Copernicus, ndipo iyeyo anali munthu wa tchalitchi ku Frombork, ku Poland. Buku lake linasindikizidwa ku Nuremberg mu 1543, analipereka kwa Papa Paul III, ndipo linawerengedwa zaka zoposa 70 osaletsedwa. Kenako mu 1616 likuimitsidwa, mu 1633 nkhalamba ya zaka 69 ikugwada pamaso pa makadinala. Chinasintha n'chiyani pakati apa?

Kondwani M.: Aphunzitsi, chinasintha ndi telesikopu. Nthawi ya Copernicus zinali masamu a papepala, palibe amene zinkamuopsa. Galileo atapanga telesikopu yake mu 1609, mu Januwale 1610 anaona miyezi inayi ikuzungulira Jupiter, umboni woti si zonse zimazungulira ife. Anaona mapiri pamwezi, pamene akuluakulu ankati zakumwamba n'zosalala, zopanda chilema. Chakumapeto kwa chaka chomwecho anaona Nthanda ikukula ndi kuchepa ngati mwezi. Umboni utafika, ansembe anagwidwa ndi mantha. Ine ndikuona kuti nkhani ndi imeneyo.

Nabanda: Kondwani mwanawe, usathamange. Ansembe omwe ukunenawo ndi amene anavomereza zimene Galileo anaona. Ajezwiti, gulu la ansembe a Katolika, a ku sukulu yawo ya Collegio Romano ku Rome anapeza telesikopu yawo, anayang'ana okha, ndipo mu 1611 anatsimikiza kuti miyezi ya Jupiter ilipodi, Nthandanso ikusinthadi maonekedwe. Chaka chomwecho anamulandira ku Rome ndi ulemu waukulu. Mkulu wawo pa masamu, Christopher Clavius, ndi mmodzi mwa amene anakonza kalendala ya 1582, yomwe ili pafoni yakoyo lero. Anthu amene anachotsa masiku 10 mu Okutobala kuti Pasaka ibwerere m'nyengo yake sanali anthu oopa kuyang'ana kumwamba.

Kondwani M.: Ndiye amayi, ngati anaona okha, anakaniranji?

aPhiri ku Beira: Ndilowepo apa. Anaona zomwezo koma panali kafotokozedwe kena kamene kankakwana bwinobwino. Tycho Brahe wa ku Denmark, yemwe anamwalira mu 1601, ankati mapulaneti onse amazungulira dzuwa, koma dzuwalo pamodzi ndi gulu lake limazungulira dziko lapansi lomwe lili phee. Pa dongosolo limenelo Nthanda imasintha maonekedwe chimodzimodzi. Telesikopu inagwetsa dongosolo lakale la Ptolemy loti zonse zimazungulira dziko lapansi, koma sinathe kuweruza pakati pa Tycho ndi Copernicus. Panalinso funso lovuta: ngati dziko limayenda ulendo wonsewo chaka ndi chaka, bwanji nyenyezi zapafupi sizioneka kusuntha pang'ono tikaziyerekeza ndi zakutali? Kusunthako kulipo, koma n'kochepetsetsa moti anadzakuyeza ndi Friedrich Bessel mu 1838.

Ndipo umboni umene Galileo ankaudalira kwambiri unali wolakwika. Ankati kudzala ndi kuphwa kwa nyanja yamchere kumachitika chifukwa dziko likuyenda, madzi n'kumakhavukira uku ndi uku. Kuwerengera kwakeko kumapereka kudzala kamodzi pa tsiku. Ife kuno timaona tsiku lililonse madzi akudzala kawiri, kuphwa kawiri, ndipo asodzi amadziwa kuti mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala kumdima madzi amakwera kwambiri. Kepler anali atanena kale kuti ndi mwezi umene umakoka madzi. Galileo anakana zimenezo, ankaziona ngati zamatsenga. Amalinyero a ku Venice, komwe iye anakhala pafupi zaka 18 akuphunzitsa ku Padua, akanamuuza.

aChisale (Dedza): Zikomo aPhiri. Komabe tisamuchepetse munthuyu. Funso limene aliyense ankafunsa linali lakuti, ngati dziko likuthamanga, bwanji sitikumva, bwanji mwala ukagwa pansanja umagwera patsinde osati kumbuyo? Yankho lake ndi limene linatsegula njira. Anati dzitsekere m'chipinda cha pansi m'chombo chimene chikuyenda mosagwedezeka, udontheze madzi m'botolo, udumphe, uponyere mnzako chinthu, zonse zichitika ngati chombo chaima. Amene munakwerapo Ilala nyanja ili bata mukudziwa kuti tiyi amathirika m'kapu bwinobwino. Mfundo imeneyo ndi imene Newton anadzaimangirapo mu 1687. Sanatsimikize kuti dziko likuyenda, koma anachotsa chifukwa chachikulu chokanira.

Abusa Mwale: Ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti funso la aChisale silinayankhidwe chifukwa tikuyang'ana kumwamba pamene yankho lili pansi. Pakati pa 1543 ndi 1616 Ulaya anang'ambika. Luther anayamba mu 1517, ndipo mutu wa mkangano wonse unali umodzi: ndani ali ndi ulamuliro wotanthauzira Malemba? Msonkhano wa ku Trent, womwe unayamba mu 1545 n'kutha mu 1563, unagamula mu Epulo 1546 kuti pa nkhani za chikhulupiriro ndi makhalidwe munthu asatanthauzire Malemba mosiyana ndi tchalitchi kapena mosiyana ndi mmene makolo akale a mpingo anagwirizanira. Lamulo limenelo ankatchingira ife Apulotesitanti, osati akatswiri a nyenyezi.

Tsono taonani zimene Galileo anachita. Adani ake atatulutsa Yoswa chaputala 10, pamene Yoswa analamula dzuwa kuti liime pa Gibeoni, iye sanangokhala pa masamu ake. Mu 1613 analembera kalata wophunzira wake Benedetto Castelli, mu 1615 anaikulitsa polembera Christina, mayi wa mfumu ya ku Tuscany. Anati Baibulo silinama, koma olitanthauzira akhoza kulakwa, ndipo limalankhula monga mmene anthu wamba amaonera zinthu. Mawu anzeru ndithu, ndipo anawachirikiza ndi Augustine. Koma wolankhulayo anali munthu wamba wosadzozedwa, akuuza akatswiri a zaumulungu kawerengedwe ka Yoswa, zaka zochepa nkhondo yachipembedzo isanabuke. M'makutu a ku Rome zinamveka ngati Wittenberg, kwawo kwa Luther.

Nabanda: Abusa mwalasa. Ndiwonjezere za Kadinala Bellarmine, chifukwa anthu amamujambula ngati chilombo. Mu Epulo 1615 analembera wansembe wina, Foscarini, yemwe anasindikiza kabuku kogwirizanitsa Copernicus ndi Baibulo. Anamuuza kuti kugwiritsa ntchito Copernicus ngati njira yowerengera kulibe vuto, ndipo patapezeka umboni weniweni woti dziko likuyenda, pangafunike kusamala kwambiri pofotokoza mavesi amene akuoneka otsutsa, n'kuvomera kuti sitikuwamvetsa. Koma anati umboniwo sanauone. Malinga ndi zimene aPhiri afotokoza, panthawiyo sananame.

Kondwani M.: Pepani akuluakulu, koma apa mukundisokoneza dala. Ngati umboni unali wosakwanira mbali zonse, chilungamo chinali kunena kuti tidikire. Iwo sanadikire. Mu Febuluwale 1616 alangizi a Inquisition, bwalo la tchalitchi lozenga milandu ya mpatuko, ananena kuti kuika dzuwa pakati ndi zopusa pa nzeru za anthu komanso ndi mpatuko. Mu Malichi buku la Copernicus linaimitsidwa mpaka litakonzedwa, la Foscarini linaletsedweratu. Munthu sunganene kuti bweretsa umboni uku ukutseka chitseko cha amene akuufunafuna.

Nabanda: Pamenepo sindikutsutsa, mwanawe. Chigamulo cha 1616 chinali cholakwika, ndipo chimandiwawa ine monga Mkatolika. Chimene ndikukana ndi kunena kuti analakwa chifukwa chodana ndi maphunziro. Analakwa chifukwa anatenga funso la chilengedwe n'kulimangirira ku ulamuliro wawo, ndipo atalimangirira sakanathanso kulimasula popanda kuoneka ngati agonja.

Mayi Nyirenda (Leeds): Moni nonse, ndachedwa, ndinali ku ntchito. Za 1616 mwazitha, koma za 1633 zili ndi nkhani yakeyake, ndipo ndi ndale zenizeni.

Mu 1623 Maffeo Barberini anakhala Papa Urban VIII. Anali wa ku Florence, wokonda maphunziro, ndipo anali atalembapo ndakatulo yotamanda Galileo. Chaka chotsatira Galileo anapita ku Rome n'kucheza naye kangapo, ndipo anabwerako atamva kuti akhoza kulemba za madongosolo awiriwo malinga asagamule. Papa anali ndi mfundo yake imene ankaikonda: Mulungu ndi wamphamvuyonse, akhoza kupanga zimene timaonazi m'njira imene nzeru zathu sizingaiganize, choncho munthu asamati njira yanga yokhayi ndiyo yoona. Anafuna kuti mfundoyo ilowe m'bukumo.

Buku linatuluka ku Florence mu Febuluwale 1632, lili ndi chilolezo cha tchalitchi. Linalembedwa m'Chitaliyana osati m'Chilatini, kutanthauza kuti wamalonda aliyense wodziwa kuwerenga akanalitsatira. Muli anthu atatu akukambirana masiku anayi: Salviati wa mbali ya Copernicus, Sagredo womvetsera wanzeru, ndi Simplicio woteteza nzeru zakale za Aristotle zoti dziko lili phee, yemwe amagonja pafupifupi pa mfundo iliyonse. Ndiye kumapeto kwenikweni, mfundo ya Papa ija ikutuluka pakamwa pa Simplicio.

Onani nthawi yake. Nkhondo ya zaka 30 inali itayaka kuyambira 1618. Gustavus Adolphus wa ku Sweden, Mlutera, anali atagonjetsa asilikali a Akatolika ku Breitenfeld mu 1631 ndipo ankatsikira kummwera kwa Germany. Ndalama zake zina zinkachokera ku France, dziko la Akatolika, kwa Kadinala Richelieu, chifukwa France inkaopa banja la Habsburg, lolamulira Spain ndi Austria, kuposa mmene inkaopera Alutera. Urban ankaoneka kuti akupendekera ku France. Mu Malichi 1632, pamsonkhano wa makadinala, Kadinala Borja woimira Spain anaimirira n'kumudzudzula poyera kuti sakuteteza chikhulupiriro, moti panatsala pang'ono kugwirana malaya. Miyezi yochepa pambuyo pake munthu yemweyo akuuzidwa kuti bwenzi lake lasindikiza buku loteteza chiphunzitso choletsedwa, ndi chilolezo cha anthu ake, ndipo lamuika iye m'kamwa mwa wogonja. Papa amene akunenedwa kuti ndi wofewa kwa ampatuko sakanatha kukhululuka pamenepo.

Amalume Jere: Mayi, mwatitsegula maso. Koma ndifunse, ine ndinamva kuti anamuzunza ndipo anamuwotcha. Zoona?

Mayi Nyirenda (Leeds): Ayi amalume, sanamuwotche. Amene anawotchedwa ndi Giordano Bruno, pa 17 Febuluwale 1600 ku Campo de' Fiori mu Rome. Iyenso ankati dziko likuyenda komanso kuti maiko ndi osawerengeka, koma milandu yake ikuluikulu inali yokhudza Utatu, umulungu wa Khristu ndi zina zotero. Galileo anamuopseza ndi mawu kuti akhoza kuzunzidwa, monga mwa mwambo wa bwalolo, koma palibe umboni woti anamukhudza. Nthawi yambiri ya mlandu ankakhala kunyumba ya kazembe wa Tuscany.

Chimene chinamugwetsa ndi pepala limene anapeza m'mafayilo a 1616, lonena kuti analamulidwa kuti asagwire, asaphunzitse, asateteze chiphunzitsocho m'njira ina iliyonse. Pepalalo linalibe siginecha. Galileo anatulutsa kalata yolembedwa ndi Bellarmine mwini, yomwe inangoti asachigwire kapena kuchiteteza. Bellarmine anali atamwalira mu 1621, sakanaitanidwa kudzachitira umboni. Pa 22 Juni 1633, ku Santa Maria sopra Minerva, anamupeza kuti akukayikiridwa kwambiri za mpatuko, anagwada n'kuwerenga mawu okana zimene ankakhulupirira. Mwa makadinala 10, atatu sanasaine, mmodzi mwa iwo mwana wa mchimwene wake wa Papa, Francesco Barberini. Mawu aja otchuka oti komabe likuyenda anadzaoneka m'buku patapita zaka zoposa 100, musawadalire.

Abusa Mwale: Popeza dzina la Bruno latchulidwa, ndisabise za kwathu. Mu 1553 Michael Servetus anawotchedwa ku Geneva chifukwa chokana Utatu, ndipo Calvin anali mkati mwa mlanduwo. Ophunzira a Luther analemba kuti pa chakudya, mu 1539, iye ananyoza katswiri watsopano wofuna kutembenuza zakuthambo, n'kutchula Yoswa yemweyo. Kepler anali Mlutera wodzipereka, koma mpingo wake unamumana Mgonero chifukwa chokana kusaina chiphunzitso china, ndipo mayi ake anazengedwa mlandu wa ufiti, anakhala m'ndende kupitirira chaka asanamasulidwe mu 1621. Kusiyana kunali kwakuti ife tinalibe bwalo limodzi lolamula maiko onse. Munthu akamuthamangitsa mzinda uno ankawolokera mzinda wina.

Kondwani M.: Abusa, ndiye mwandivomereza. Chinapulumutsa sayansi si ubwino wa mpingo uliwonse, ndi kugawikana kwa mphamvu.

Abusa Mwale: Mbali ina inde. Koma usaiwale kuti amene anakakamiza Copernicus kusindikiza anali Rheticus, mphunzitsi wa ku Wittenberg, Mlutera amene anayenda ulendo wautali kukakhala ndi Mkatolika. Ndipo Kepler ankaona ntchito yake ngati kupembedza. Anthu amenewa sanaone kuti akusankha pakati pa Mulungu ndi masamu.

aPhiri ku Beira: Za Kepler tisazipitirire. Mu 1609 anasonyeza kuti njira ya Mars si yozungulira bwinobwino koma ndi yobulungira motalika, ndipo matebulo ake a 1627 ankalosera malo a mapulaneti molondola kuposa ena onse. Analosera kuti Mercury idutsa pankhope ya dzuwa mu Novembala 1631, ndipo Pierre Gassendi, wansembe wa Katolika, anaionadi ku Paris. Umenewo ndiwo unali umboni wamphamvu kwambiri panthawiyo, koma Galileo sanaugwiritse ntchito, anakakamira njira zozungulira. Akatswiri ambiri anakopeka ndi matebulo a Kepler.

Nabanda: Chimene chimandikhudza ine ndi mwana wake wamkazi, sisitere Maria Celeste. Anali m'nyumba ya masisitere yosauka ya San Matteo ku Arcetri, ndipo makalata ake opita kwa bambo ake alipo oposa 120. Pa chilango chija Galileo analamulidwa kunena masalimo asanu ndi awiri a kulapa sabata iliyonse kwa zaka zitatu, ndipo mwanayo anadzipereka kuwanena m'malo mwake. Bambo atabwerera ku Arcetri kukayamba ukaidi wapanyumba kumapeto kwa 1633, anangoonana miyezi yochepa, sisitereyo anamwalira mu Epulo 1634 ali ndi zaka 33. Sanasiye Mpingo ndipo sanasiye bambo ake. Amene amati nkhaniyi ili ndi magulu awiri okha sadziwa pomuika.

aChisale (Dedza): Funso lina: kodi chigamulochi chinagwira ntchito? Chifukwa buku lake lofunika kwambiri, la kayendedwe ka zinthu ndi kulimba kwake, analilemba ali pa ukaidi womwewo. Analitulutsa mozembetsa, linasindikizidwa ku Leiden, ku Netherlands, mu 1638 kwa osindikiza mabuku a Elzevir, iye maso atachita kale khungu. Lija loletsedwa linamasuliridwa m'Chilatini ku Strasbourg mu 1635 n'kufalikira Ulaya yense. Zikuoneka kuti makina osindikizira anali atapitirira kale mphamvu ya bwalo lililonse.

Mayi Nyirenda (Leeds): Linagwira ntchito pa anthu, aChisale, ngakhale silinagwire pa mabuku. Descartes, katswiri wa nzeru ndi masamu wa ku France, anali ku Netherlands, kunja kwa dzanja la Inquisition, ndipo anali atamaliza buku lofotokoza chilengedwe ndi dziko loyenda. Atamva za chigamulo mu Novembala 1633 analembera mnzake Mersenne kuti anatsala pang'ono kuwotcha mapepala ake, ndipo bukulo linadzatuluka iye atamwalira. Palibe amene anamugwira. Anangomva zimene zachitikira mnzake. Ndi angati ena amene anabisa zolemba zawo ndipo mayina awo sitiwadziwa?

Nabanda: Komabe Italy sinazime. Torricelli, yemwe anakhala ndi Galileo miyezi yake yomaliza asanamwalire pa 8 Januwale 1642, ndi amene anapanga chipangizo choyezera kulemera kwa mpweya. Cassini anakagwira ntchito yake ya dzuwa m'tchalitchi cha San Petronio ku Bologna. Riccioli, Mjezwiti, mu 1651 anasanja mfundo za mbali zonse ziwiri n'kugamula kuti dziko laima, koma potchula maina a malo a pamwezi anapatsa Copernicus ndi Kepler zigwa zooneka bwino kwambiri, ndipo mainawo alipo mpaka lero.

Kondwani M.: Amayi, koma werengani zaka. James Bradley anasonyeza mu 1729 kuti kuwala kwa nyenyezi kumapendekeka chifukwa dziko likuyenda. Buku la Galileo linachoka pa mndandanda wa mabuku oletsedwa mu 1835. Papa John Paul II anadzavomera poyera mu 1992 kuti oweruza aja analakwa. Bellarmine anati umboni ukabwera tidzaonanso. Umboni unabwera, koma kuonansoko kunatenga zaka zina 100.

Amalume Jere: Nanga ku Netherlands kuja kumene mabuku ankathawira, kunali ufulu weniweni?

Abusa Mwale: Unalipo wochuluka kuposa kwina, amalume, koma unabwera chifukwa cha malonda ndi kusagwirizana kwa mizinda, osati chifukwa abusa a kumeneko anali ofatsa. Sinodi ya ku Dort ya 1618 mpaka 1619 inachotsa pa maudindo abusa pafupifupi 200 otsatira Arminius, yemwe ankatsutsa mfundo zina za Calvin, ndipo mtsogoleri wa ndale amene ankawateteza, Oldenbarnevelt, anadulidwa mutu mu Meyi 1619 ali ndi zaka 71. Mpingo wa Dutch Reformed umene unadzafika ku Mvera mu 1889 kudzera ku Cape mizu yake ili kumeneko, ndiye nkhaniyi si ya eni okha. Ku Utrecht, Voetius, mphunzitsi wa zaumulungu wa Chikalvini, anamenyana ndi Descartes mpaka yunivesite inaletsa nzeru zake mu 1642, ndipo iyenso ankakana kuti dziko likuyenda potengera mavesi omwewo a Yoswa ndi Masalimo. Buku la 1670 la Spinoza, katswiri wa nzeru wa ku Netherlands komweko, lopempha ufulu woganiza ndi wowerenga Baibulo monga mmene timawerengera zolemba zina zakale, linatuluka popanda dzina lake, lili ndi dzina labodza la wosindikiza ndi la mzinda wa Hamburg pachikuto, ndipo mu 1674 boma la Holland linaliletsa. Osindikiza a ku Amsterdam anapitiriza kuligulitsa ataliveka zikuto za mabuku ena.